Mutu 5: Anabwereka Munda Ndani?

1. Tsiku lomaliza

Manachesi a ku Magaleta anali atayamba kupsa, koma mayi Ellen sankaloledwa kuthyola ngakhale limodzi m'munda mwawo. Mlamu wawo, a Herbert, anali atakatenga chiletso ku khoti lalikulu ku Blantyre. A Herbertwo ankanena kuti mundawo ndi wawo.

Khoti linapatsa mayi Ellen masiku khumi ndi anayi kuti ayankhe polemba. Tsiku lomaliza linali Lachiwiri limeneli.

Imene inkawathandiza inali ofesi yaing'ono ya pa boma la Neno, yoimira anthu ovutika pa milandu. Ofesiyo inali ndi zipinda ziwiri, kompyuta imodzi ndi anthu awiri. Wamkulu anali a Gerishon Chimbalanga, loya amene anagwira ntchito mu mzinda zaka makumi atatu asanabwerere kwawo. Winayo anali Tisungeni, mtsikana amene anali atangomaliza kumene maphunziro a zamalamulo. Iye anali asanalandire chilolezo choima yekha m'khoti, choncho chilichonse chimene ankalemba chinkatuluka m'dzina la a Gerishon.

Sabata yapitayo Tisungeni anapita ku Magaleta pa njinga yamoto. Anakhala pakhonde ndi mayi Ellen tsiku lonse, akulemba mawu awo m'kope. Anadzaza masamba asanu ndi limodzi, onse m'Chichewa. Koma khoti lalikulu limafuna zikalata za m'Chingerezi, ndipo atabwerera ku ofesi anapeza mafayilo ena anayi akumudikira.

Apa anakumbukira pulogalamu ya AI ya mu foni mwake, ija imalemba ndi kumasulira ngati munthu. Anzake onse a ku koleji ankaigwiritsa ntchito. Anataipa mawu a mayi Ellen n'kuiuza kuti iwaike m'Chingerezi cha kukhoti. Mphindi imodzi isanathe, ntchito inali itatha.

Chingerezi chake chinali chosalala kwambiri. Tisungeni anawerenga tsamba loyamba ndipo sanapeze cholakwika. Lolemba a Gerishon nawonso anayang'ana tsamba lomwelo ali chiimire, akuthamangira kumsonkhano.

"Chingerezi chako chakhwima, mwana iwe," anatero.

Tisungeni anangomwetulira.

2. Hutala ya a Davie

Lachiwirilo mayi Ellen anafika mochedwa. Njinga imene anakwera inaphulika tayala panjira, ndipo analowa mu ofesi nthawi ili hafu teni, fumbi lili mbuu m'miyendo.

A Gerishon anali kukhoti la majisitireti ndi mlandu wina. Panja panali pataima galimoto ya a Davie, dalaivala amene ankatengera ofesiyo zikalata akamapita ku Blantyre. Anali atanena kale kuti ikangokwana leveni koloko akunyamuka, chifukwa msewu wotsika ku Neno suthamangika.

Panatsala zinthu ziwiri. Mayi Ellen ankayenera kukalumbira pamaso pa majisitireti kuti zolembedwazo ndi zoona, kenaka n'kudinda chala. Koma asanatero, ankayenera kumva zimene zinalembedwa. Kumunsi kwa tsamba lomaliza kunali mawu onena kuti chikalatacho chawerengedwa ndi kumasuliridwa kwa mwini wake m'Chichewa, ndipo iye wavomera kuti ndi mawu ake. Pansi pa mawuwo panali mzere woti Tisungeni asaine.

Panja hutala inalira kawiri.

"Achemwali, nthawi!" anakuwa a Davie. "Akatseka ofesi ya khoti musadzandinene ine."

"Tiyeni tizipita, mwanangu," anatero mayi Ellen akumanga chitenje. "Si mawu anga omwe aja munalemba kwathu? Inu ndi ophunzira. Ine ndimakukhulupirirani. Ndipatseni inkiyo ndidinde basi."

Tisungeni anatenga cholembera. Anayang'ana mzere uja, anayang'ananso wotchi ya pakhoma. Kuwerenga masamba onse kukanatenga mphindi makumi awiri. Kusaina kukanatenga kanthawi kochepa chabe, ndipo palibe akanadziwa.

Anaika cholemberacho pansi.

"Mayi, khalani kaye. Apa akuti ndakuwerengerani, koma sindinakuwerengereni. Sindingasaine."

Anatuluka n'kukagwira chitseko cha galimoto. "A Davie, ndikupempha mphindi makumi awiri."

A Davie anapukusa mutu. "Ndikukathira mafuta. Ndikabwera ndisakupezeni muli pa mpando."

3. Ndime yachisanu ndi chimodzi

Tisungeni anayamba kuwerenga. Ankayang'ana chiganizo cha Chingerezi n'kuchinena m'Chichewa, pang'onopang'ono.

"Dzina langa ndine Ellen, ndimakhala ku Magaleta."

"Eya."

"Amuna anga, a Gabriel, anamwalira zaka zisanu zapitazo."

"Ndi momwemo."

Anadutsa ndime zisanu popanda vuto. Mayi Ellen ankangogwedeza mutu, maso ali kuchitseko. Tisungeni anatsegula tsamba lachiwiri.

"Chaka chimene amuna anga anamwalira, ndinabwereka munda kwa a Herbert kuti ndipeze polima."

Mutu wa mayi Ellen unasiya kugwedera.

"Mwati bwanji?"

Tisungeni anabwereza, koma mawu ake anali atatsika.

"Ine? Kubwereka munda kwa Herbert?" Mayi Ellen anadzigunda pachifuwa. "Munda wa amayi anga? Herbert anachoka ku Joni ali ndi chikwama chimodzi. Analibe ngakhale pobzala chimanga cha ndowa imodzi. Ndine ndinamumvera chisoni. Ndinamubwereka chigawo cha kumunsi kuti alimeko zaka zitatu. Anabwereka ndi iyeyo! Wakuuzani zimenezi ndani?"

Tisungeni anatulutsa kope lake m'chikwama. Anapeza malowo. Zimene analemba ku Magaleta zinali zolondola: "Ndinawabwereka munda a Herbert kuti apeze polima."

Anaona pomwepo chimene chinachitika. Munthu aliyense wa kuno akamva kuti "ndinawabwereka munda" amadziwa kuti wolankhulayo ndiye mwini munda. Koma pulogalamu ija inangoona liwu loti kubwereka, n'kutembenuza nkhani yonse. Wopereka inamusandutsa wolandira.

Mayi Ellen akanadinda chala pamenepo, akanalumbira okha pamaso pa khoti kuti munda ndi wa a Herbert.

"Palibe wandiuza, mayi," anatero Tisungeni. "Ndalakwitsa ndine. Koma simunadinde. Tikonza."

Mayi Ellen anapumira m'mwamba. Anayang'ana chala chawo chachikulu, kenaka anachibisa m'chitenje.

4. Kuulula

Nthawi yomweyo a Gerishon analowa, jekete ili paphewa. Anayang'ana nkhope ziwirizo n'kuima.

"Kwagwanji muno? Ndimayesa muli kale kwa majisitireti."

Tisungeni akanatha kunena kuti anangophonya pomasulira. Munthu aliyense amaphonya. Koma anaimirira n'kuika foni yake pa tebulo.

"Bwana, Chingerezi chija munachiyamikira si changa. Inamasulira ndi AI. Ine ndinangowerenga tsamba loyamba. Ndime yachisanu ndi chimodzi ikunena kuti mayi ndi amene anabwereka munda kwa a Herbert."

A Gerishon sanakalipe. Anakoloweka jekete pa msomali, anavala magalasi, n'kukoka mpando.

"Zokambirana zibwera pambuyo. Pano tipulumutse munda. Iwe gwira kope lako, ine ndigwire chikalata. Mayi, inu ndinu woweruza wathu lero. Mukamva liwu limene silinatuluke pakamwa panu, mutiimitse."

Anayamba kuchokera pamwamba, mzere ndi mzere. Atafika ndime yachisanu ndi chinayi, mayi Ellen anakweza dzanja.

"Imani pamenepo. Herbert si mchimwene wanga. Ndi mlamu wanga, mng'ono wawo wa malemu amuna anga."

A Gerishon anavula magalasi n'kuyang'ana Tisungeni. "Waona? Munda uwu ndi wa kuchikazi. Herbert akakhala mchimwene wawo ndiye kuti nayenso ndi mwana wa mwini munda, ali ndi poyambira. Akakhala mlamu ndi mlendo. Liwu limodzi lomwelo."

Hutala inaliranso panja. A Gerishon anatuluka okha. Zimene anakambirana ndi a Davie sizinamveke, koma injini inazima.

Kupatula malo awiriwo sanapezenso cholakwika. Tisungeni anakonza ndi dzanja lake pa kompyuta, anasindikiza, n'kuwerenganso chikalata chonse mokweza. Mayi Ellen atavomera ndime yomaliza, Tisungeni anasaina pa mzere uja.

Anapita onse kwa majisitireti. Mayi Ellen analumbira, n'kudinda chala mwamphamvu moti inki inaonekera kuseri kwa pepala. Nthawi inali itadutsa thwelofu pamene a Davie ananyamuka.

"Mupemphere tisakumane ndi lole yofa pa phiri," anatero akutseka chitseko.

5. Mawu a a Gerishon

Atabwerera ku ofesi panalibe chochita koma kudikira. A Gerishon anauza mayi Ellen kuti asachoke, chifukwa zimene ankafuna kunena zinkawakhudza.

"Tisungeni, ndiyambe ndi ine mwini," anatero. "Chikalata chija chili ndi dzina langa. Dzulo ndinawerenga tsamba limodzi n'kuyamikira Chingerezi. Loya amene amayang'anira mnzake sayenera kutero. Chikanapita chili cholakwika, woyamba kufunsidwa ndikanakhala ine. Ndiye usaganize kuti ndikudziyeretsa.

"Chachiwiri, ine sindidana ndi makina. Pamene ndinkayamba ntchito tinkalemba pa taipi, ukalakwitsa chilembo chimodzi umayambiranso tsamba lonse. Kompyuta itabwera ena ankaiopa, lero tonse tikuigwiritsa ntchito. AI nayonso tiigwiritsa ntchito, ndipo udzandiphunzitsa. Koma umvetse chinthu chimodzi. Pulogalamu imeneyo sinapite ku Magaleta. Sinawaone mayiwa akulira pofotokoza za amuna awo. Sidziwa kuti kuno munda umayenda bwanji m'banja. Ikapanda kumvetsa siima n'kufunsa ngati mmene ungachitire iwe. Imangolemba, ndipo imalemba mokoma. Choopsa chake n'chimenecho. Cholakwa cholembedwa moipa munthu amachiona msanga. Cholakwa cholembedwa mokoma chimadutsa.

"Ndipo zikavuta, jaji saitana foni kuti iyankhe. Amaitana loya. Foni ilibe chilolezo choti angailande, ilibe dzina loti lingaipe. Iwe dzina uli nalo, ndipo chilolezo ukuchiyembekezera. Ukasaina pepala ukuuza khoti kuti waliwerenga ndipo ukuliimira. Khoti limatikhulupirira chifukwa silingathe kupita mudzi uliwonse kukafunsa. Tsiku limene jaji adzakugwire utamupatsa chinthu chimene sunawerenge, adzakayikira chilichonse chimene udzabweretse pambuyo pake, ngakhale choona. Ovutika adzakhala anthu ngati mayiwa.

"Kunja kuno kwamveka kale za maloya amene anapempha makina amenewa kuti awapezere milandu yakale yoti atchule m'khoti. Makinawo anapeka mayina a milandu imene sinachitikepo, iwo n'kukapereka osafufuza. Anachita manyazi aakulu. Choncho lamulo la ofesi ino kuyambira lero ndi ili: chilichonse chochokera ku AI uzichitenga ngati chalembedwa ndi mlendo amene sukumudziwa. Uziwerenga liwu lililonse, uzifananitsa ndi gwero lake, ndipo uzindiuza kuti wagwiritsa ntchito makina."

Tisungeni anagwedeza mutu. Ankaganiza kuti atha, koma a Gerishon anatenga kope lija n'kutsegula tsamba lachitatu.

"Chachitatu ndi chachikulu kuposa zonse. Apa mayi anakuuza za matenda a amuna awo. Anakuuzanso zimene anakangana ndi apongozi awo pamaliro. Zina mwa izi sitinaziike n'komwe m'chikalata. Kodi unazitaipa zonse mu pulogalamu ija?"

"Zonse, bwana."

"Ndi mayina omwe?"

"Eya."

"Unawapempha eni ake?"

Tisungeni anaweramitsa mutu. "Ayi."

"Munthu akalowa pakhomo ili amatiuza zimene sanauze ngakhale abusa ake. Amatero chifukwa lamulo limati chinsinsi chake chithera mwa ife. Ukachiika mu pulogalamu ya pa intaneti, chachoka m'manja mwako. Chapita ku makompyuta a kampani ya kutali imene iwe ndi ine sitikuidziwa. Kaya amasunga, kaya amafufuta, kaya wina amawerenga, sitingalumbire. Chinsinsicho si chako kuti uzichipereka. Ndi cha mayiwa."

Mayi Ellen anali akumvetsera mwachidwi. Anasendeza mpando.

"Pepani a loya, ndifunse nawo. Ndiye kuti nkhani yanga ili mu foni umo? Herbert angathe kuimva?"

"Sindikukhulupirira kuti ingawafike a Herbert, mayi," anayankha a Gerishon. "Koma sindingakunamizeni kuti ndikudziwa kumene yafika. N'chifukwa chake ndafuna kuti mumve nokha. Muli ndi ufulu wodziwa, ndipo muli ndi ufulu wodandaula."

Tisungeni anachoka pa mpando wake n'kunjuta pafupi ndi mayi Ellen.

"Mayi, munandikhulupirira ndipo ine ndinathamanga. Ndinapereka mawu anu osakupemphani. Ndifufuta zonse zimene ndingathe kufufuta inu mukuona. Pepani kwambiri."

Mayi Ellen anamuyang'ana. Kenaka anamugwira paphewa.

"Dzukani, mwanangu. Mwalakwa, inde. Koma ine ndemwe ndimakukakamizani kuti ndidinde, galimoto ikulira panja, inu n'kukana. Mukanandimvera, bwenzi pano ndilibe munda. Kungoti ulendo wina nkhani zanga muzizisunga m'kope lanulo. Kope ndimaliona ndi maso."

A Gerishon anaseka koyamba tsiku limenelo.

Tisungeni anatsegula foni, anafufuta zokambirana zonse, n'kutseka malo amene amalola kampani kusunga zolemba za munthu. Anaonetsa a Gerishon chilichonse chimene ankachita. Iwo anatenga pepala n'kulemba zimene zinachitika, tsiku ndi nthawi, n'kuliika mu fayilo.

"Cholakwa chikachitika timachilemba," anatero. "Sitichikwirira."

6. Foni ya ku Blantyre

Thili koloko inakwana kuli zii. Mayi Ellen anakana kupita kukadya. Tisungeni ankayesa kuwerenga fayilo ina, koma maso ake ankangobwerera ku wotchi.

Itatsala pang'ono kukwana folo, foni ya a Gerishon inalira. Anaiika pokweza mawu kuti onse amve.

"Bwana, ndi Davie. Ndapereka. Adinda chidindo cha lero. Ndinalowa mlonda atagwira kale chitseko."

Mayi Ellen analuluta mu ofesi momwemo, moti anthu odutsa mumsewu anaima. Tisungeni anatsamira khoma n'kutseka maso.

"Mlandu sunathe, mayi," anachenjeza a Gerishon. "Koma tsopano jaji amva mawu anu enieni, ndipo tipempha kuti chiletso chichotsedwe manachesi asanagwe okha."

"Zimenezo zandikwanira," anatero mayi Ellen. Anatsanzika onse ndi manja awiri n'kupita kukafuna njinga yobwerera kwawo.

Tisungeni anayamba kusonkhanitsa mapepala, mtima uli m'malo. A Gerishon anatenga jekete pa msomali. Atafika pakhomo anatembenuka.

"Ndikufunse chinthu chimodzi ndisanaiwale. Kodi aka kanali koyamba kumasulira ndi AI?"

Manja a Tisungeni anaima pa tebulo.

"Ayi, bwana. Kachiwiri."

"Koyamba kanali ka ndani?"

"A Laimoni a ku Matope, aja akuimbidwa mlandu wa ng'ombe. Chikalata chawo chopempha belo chinapita sabata yatha. Tsiku limene ankadinda ndinali ku Magaleta. Sindikudziwa ngati pali amene anawawerengera chonse."

A Gerishon anabweza jekete pa msomali. Anatsegula kabati, anatulutsa fayilo ya a Laimoni, n'kuitanitsa kope la Tisungeni. Anaika ziwirizo pafupi n'kuyamba kutsata ndi chala. Tsamba loyamba linadutsa. Pakati pa tsamba lachiwiri chala chawo chinaima.

Anawerenga malowo kawiri.

"Pempho lawo limvedwa liti?"

"Lachinayi, bwana."

"Khala pansi, Tisungeni," anatero a Gerishon akumusendezera fayiloyo. "Werenga ndime iyi, undiuze ngati a Laimoni anakuuzapo kuti ng'ombezo anazitenga ndi iwo."